Intaneti ya mlamu wa ku Johannesburg

Nyumba za mdadada zomwe timachita lendi kuno ku Dedza boma zili ndi makoma okhuthala a njerwa zowotcha. Pa June amatiteteza ku chisanu, koma Wi-Fi sadutsamo. Ndiye ndinagula ma adaputa awiri a powerline, aja otumiza intaneti kudzera m'mawaya a magetsi. Imodzi ndinailumikiza ku rauta ndi kebulo ya Ethernet n'kuibaya pa soketi ya pabalaza, inayo kuchipinda. Timagetsi tinayaka, intaneti inafika, ndipo kabatani kolembedwa Pair kanangokhala osakhudzidwa.

Bandulo ya mwezi wathunthu inayamba kutha sabata isanathe. Ana ndinawakalipira mpaka kuwalanda foni. Kenako pakati pa usiku TV ya pabalaza inadzuka yokha n'kuyamba kuimba kwaya, volyumu yonse. Mayi a kunyumba anandigwedeza: "Bambo, dzukani tipemphere, muno mwalowa zinthu!"

Kutacha ndinapeza aneba akutsuka njinga yamoto, nkhope ili mwee.

"Achimwene, mlamu wanga wa ku Johannesburg ndi munthu. Wanditumizira kabokosi, ndangobaya pakhoma, intaneti mbwee! Amalipira yekha komweko. Chikundivuta ndi TV basi. Foni ikuti kwaya ikuimba pa TV, koma yanga ili duu."

Kabokosiko kanali adaputa ya powerline yokhala ndi Wi-Fi yake. Ma adaputa ambiri a powerline a mtundu wa HomePlug AV amachoka kufakitale ndi kiyi imodzimodzi, mawu oti HomePlugAV. Zomwe amatumizirana zimakhala zokhomedwa ndi njira yobisira uthenga yotchedwa AES ya 128-bit, inde, koma kiyi ikafanana, adaputa iliyonse yomwe ili pa waya womwewo imalowa ngati mwana wa pakhomo, ngakhale ikhale ya kampani ina. Ife mdadada wonse tili pa mita imodzi ya magetsi, ndipo sigino imatha kuyenda mamita pafupifupi 300 m'waya. Ndiye kabokosi ka aneba kanalowa pa netiweki yanga: bandulo amadya ndi yanga, ndipo kwaya ya pa foni yawo imapita pa TV yanga. Ngakhale mita ikhale yanuyanu musaidalire, nthawi zina sigino imadutsa ndithu.

Kukonza kwake sikuchedwa. Ndinazula ma adaputa anga onse n'kuwabaya pa masoketi oyandikana. Pa yoyamba ndinadina Pair osasiya kwa masekondi pafupifupi 10 mpaka timagetsi titaphethira, kuti itaye kiyi yakale n'kupanga yatsopano (masekondiwa amasiyana malinga ndi kampani, onani kabuku kake). Yachiwiri chimodzimodzi. Kenako Pair pa yoyamba kwa sekondi imodzi, ndi pa yachiwiri mphindi ziwiri zisanadutse. Kagetsi ka powerline kakasiya kuphethira, zagwirizana. Kiyiyo imasungika ngakhale magetsi azime, koma mukadina Reset adaputa imabwerera ku HomePlugAV, ndiye muyambirenso.

Amene ali ndi kompyuta aike pulogalamu ya kampani yomwe inapanga adaputayo. Imaonetsa adaputa zonse zomwe zalowa, iliyonse ndi nambala yake yoizindikirira, yotchedwa MAC. Kwa ine, ndisanasinthe kiyi, zinaoneka zitatu pomwe ndinagula ziwiri. Momwemo mutha kulemba dzina latsopano la netiweki, koma pa adaputa yomwe sinalumikizidwe ku kompyutayo pamafunika pasiwedi ya zilembo 16 yolembedwa pa kapepala kumbuyo kwake. Ngati adaputa yanu ili ndi Wi-Fi, pasiwedi ya Wi-Fiyo ndi nkhani ina, isintheninso. Ndipo muzibaya pakhoma penipeni. Ekisitenshoni yoteteza ku magetsi amphamvu imasefa sigino, ndipo tchaja yotchipa ya foni ikakhala pafupi imachepetsa liwiro.

Madzulo ake aneba anali pakhonde, foni kukhutu, mawu akumveka mpaka kumsewu: "Alamu, ngati zinthu zavuta kumeneko mumangonena, osati kundidulira osandiuza!" Atadula anabwera kudzandipempha hotspot kuti atumize meseji ina yowonjezera.