Tsiku la konsati: piyano inatidyera nthawi

Lero inali konsati yachitatu ya chaka chino ya bungwe lathu lokonza makonsati. Oimba anali asanu: mavayolini awiri, viola ndi cello (zida zansambo zokulirapo kuposa vayolini), ndi piyano. Nyimbo yaikulu inali ija Schumann, wopeka nyimbo wa ku Germany, analembera zida zisanuzi mu 1842, yomwe imatenga pafupifupi theka la ola.

Holo tinatsegula 8 koloko m'mawa, n'kuyatsiratu magetsi onse a papulatifomu. Chifukwa chake ndi piyano. Ili ndi nsambo pafupifupi 230 zokungika kwambiri, ndipo thabwa lake lamkati limafufuma kapena kuuma malinga ndi chinyezi komanso kutentha kwa m'chipinda. Mukaichuna holo ikadali zii, n'kudzayatsa magetsi otentha madzulo, mawu ake amasuntha. Choncho tinayamba taikankhira pamalo pake, kumanga mabuleki a matayala, n'kuisiya maola awiri. Wochuna anafika 10 koloko ndipo anaika liwu la A, lomwe zida zonse zimatsatira pochuna, pa 440 Hz (muyeso wa kukwera kwa mawu), monga tinagwirizanirana ndi oimba sabata yatha. Zimenezi muzifunsiratu, chifukwa magulu ena amakonda 442, ndipo kukweza piyano yonse si ntchito ya mphindi khumi.

Mipando ya oimba zansambo ikhale yopanda zotsamira mikono, apo ayi chigongono chimagunda. Wina umaikidwa kumanzere kwa woimba piyano, wa munthu womutembenuzira masamba.

Poyeserera, 2 koloko masana, kachitsulo kamene cello imaimira kanayamba kutsetsereka chifukwa pansi m'posalala. Tinabweretsa kathabwa ka mabowo, n'kukamangirira ku mwendo wa mpando. Nkhani inavuta ndi ya chivundikiro cha piyano. Mawu a cello amamira, ndiye ena amati titsekeko theka. Koma holo yopanda anthu imanamiza: imalira mopitirira, pomwe anthu akadzaza, matupi ndi zovala zawo zimamwa mawu. Komanso chivundikiro chotseka theka sichichepetsa phokoso kwenikweni, chimangowalemeretsa mawu. Mmodzi wa komiti anakakhala mzere wakumbuyo kukamvetsera, ndipo mapeto ake chinatsegulidwa chonse, woimba piyano n'kupeputsa dzanja lamanzere ndi pedulo, chopondera cha piyano. Cello inamveka.

Cholakwika chathu chinali chitseko cham'mbali, chomwe chinakhala pululu ola lathunthu tikulowetsa mipando. Mphepo yachinyezi inalowa, mawu ena a pamwamba n'kusokonekera. Mwamwayi mgwirizano wathu ndi wochuna umati azibweranso konsati isanayambe. Anabwera 6 koloko, mphindi 20 zinakwana.

Papulogalamu tinalemba zigawo zonse zinayi za nyimboyo kuti anthu adziwe poombera m'manja. Ochedwa anadikira pakhomo mpaka chigawo choyamba chithe.

Msungichuma atawerengera, anabwereza zomwe amanena nthawi zonse: matikiti a pakhomo paokha salipira oimba asanu, holo ndi wochuna. Chimatigwira ndi mamembala olipiriratu chaka chonse. Mawa mlembi atumiza makalata kwa oimba a chaka chamawa, poti magulu abwino masiku awo amadzaza kukadali chaka.