Ku Bulawayo, kwawo kwa injini za Garratt

Kuchoka ku Blantyre kupita ku Bulawayo pa basi ndi ulendo wofuna kulimba mtima. Umatulukira pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete dzuwa likuswa mtengo, kudinditsa pasipoti pa Nyamapanda, kufika ku Harare msana utatheratu, kenaka n'kukwera basi ina ya makilomita pafupifupi 440. Ine ndinkapita kukaona amalume ku Sizinda, dera lomwe linamangidwira anthu akuda ogwira ntchito ku njanji. Chichewa kumeneko chikumvekabe, chosakanikirana ndi Chindebele, chifukwa ambiri ndi ana ndi zidzukulu za matchona a ku Nyasaland. Bambo awo a amalume anachokera ku Dedza, ndipo amalumewo anagwira ntchito ku shedi ya injini mpaka kupuma. Ndiwo anandikokera ku Railway Museum, malo osungira zakale za njanji, ku Raylton, kuseri kwa siteshoni yaikulu.

Malowa anatsegulidwa mu 1972. Muli bogi yomwe ankayendera Cecil Rhodes, komanso kainjini kotchedwa Jack Tar komwe kanathandiza pomanga mlatho wa Victoria Falls. Izi tinangozidutsa. Amalume analunjika pa chimphona chakuda cholemera matani oposa 200, injini ya nthunzi ya mtundu wa Garratt ya gulu la 20.

"Gwada pansi, mphwanga, usuzumire kunsi kwa boila. Ukuona chiyani?"

Ndinagwada. Ndinaona udzu wa tsidya lina la njanji. Pansi pa chiboila chonsecho panalibe gudumu ndi limodzi lomwe, koma bokosi la phulusa lokha likulendewera.

Nzeru yonse ya Garratt yagona pa mpata umenewo. Injini ya nthunzi yomwe tinazolowera pa zithunzi imasenza boila pamwamba pa magudumu ake. Iyi ayi. Ili ndi zigawo zitatu. Kutsogolo kuli injini yokhala ndi magudumu ndi masilinda akeake, itasenza thanki ya madzi. Kumbuyo kuli ina yofanana nayo koma yoyang'ana kwina, itasenza malasha ndi madzi enanso. Boila ndi chipinda cha dalaivala zili pa felemu yakeyake yomwe imatsamira pa injini ziwirizo, nsonga iyi apa, nsonga inayo apo, pa malo otha kuzungulira. Ndi machila enieni: onyamula awiri, katundu ali lende pakati.

Anaganiza zimenezi ndi Herbert William Garratt, injiniya wa ku England yemwe anagwirapo ntchito pa njanji za maiko akutali ndi kwawo. Analembetsa luso lakeli mu 1907, kampani ya Beyer, Peacock ya ku Gorton mu Manchester n'kulitenga. Ziwiri zoyamba zinapangidwa mu 1909 ndipo zinapita ku Tasmania. Mwini wake anamwalira mu 1913, asanaone momwe injini zake zidzadzazire Africa.

Vuto lomwe ankalimbana nalo ndi lomwe njanji za kuno zinabadwa nalo. Atsamunda anazimanga mothamanga ndi moumira ndalama: zitsulo zopepuka, milatho yosalimba kwambiri, makona akuthwa, zitunda zosadulidwa, ndipo mpata wa pakati pa njanji ndi mamilimita 1,067 okha, chimodzimodzi njanji yathu ya pa Limbe. Katundu atachuluka, panafunika kusankha. Kuyala njanji yatsopano kunali kodula. Kumangirira injini ziwiri pa sitima imodzi kunkafuna madalaivala awiri ndi osonkha moto awiri. Garratt inapereka mphamvu ya injini ziwiri kwa dalaivala mmodzi, kulemera kwake n'kugawidwa pa magudumu ambiri. Ya gulu la 20 amailemba kuti 4-8-2+2-8-4: mbali iliyonse magudumu anayi otsogolera, asanu ndi atatu okoka, awiri otsatira. Ndinawawerenga ndikuyenda m'mbali mwake, anakwana 28.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi phindu la mpata uja. Popeza pansi palibe magudumu otchinga, ng'anjo imatha kukhala yotambalala ndi yakuya momwe wopanga akufunira, mpweya n'kumalowa bwino, boila n'kukhala yaifupi koma yonenepa. Pa kona, injini ziwiri zija zimatsata njanji iliyonse payokha ndipo boila imalowera m'kati mwa konayo, pamene pa injini za mtundu wa Mallet, zomwe zinatchuka ku America, mphuno ya boila imatulukira kunja. Komanso Garratt imathamanga mofanana chakutsogolo ndi chakumbuyo, choncho sipafunika kuitembenuza ikafika kumapeto.

Tinakwera m'chipinda cha dalaivala. Amalume anandilozera pansi, pomwe pamadutsa chitsulo chopotana chomwe chinkakoka malasha kuchokera kumbuyo kukawafikitsa pakamwa pa ng'anjo, nthunzi n'kumawamwaza pamoto. Ng'anjo ya gulu la 20 inali yaikulu moti munthu wa fosholo sakanaikwanitsa. Beyer, Peacock inapanga injini 61 za gululi pakati pa 1954 ndi 1958, nthawi ya chitaganya, zokoka malasha a ku Wankie, komwe lero ndi Hwange, ndi mkuwa wa ku Northern Rhodesia. Njanji zitagawidwa mu 1967, zina zinatsalira ku Zambia. Koma yomwe amalume amaikonda ndi ya gulu la 15, ya magudumu akuluakulu ndi thanki yakutsogolo yoburungira, yomwe inayamba kubwera mu 1940 mpaka kukwana 74. Imeneyo inali ya liwiro, yokoka mabogi a anthu.

Zovuta zinalipo, ndipo amazidziwa bwino ndi anthu a ku shedi. Nthunzi imayenera kuchoka mu boila kupita ku injini ziwiri zomwe sizikhazikika, choncho mapaipi ali ndi mfundo zopindika zomwe zimadontha zikangolekereredwa. Madzi ndi malasha zikamatha, kulemera kopondereza magudumu kumachepa, injini n'kuyamba kuterereka pa chitunda. Ndipo chilichonse chopaka girisi chili pawiri.

Ntchito yakuda imeneyo, yopala phulusa, kutsuka boila ndi kupakira malasha, ndiyo inali ya anthu ngati agogo anga. Udalaivala kwa zaka zambiri unali wa azungu okha. Roy Welensky, yemwe makolo athu anamudziwa ngati nduna yaikulu ya chitaganya, anali dalaivala wa sitima ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe. Mu 1945 anthu akuda ogwira ntchito ku njanji ananyanyala, kuyambira mu Bulawayo momwemu, ndipo sitalakayo inafalikira mpaka kumpoto kwa Zambezi. Ndikaiona injini imeneyi ndimasilira nzeru za anthu a ku Manchester, koma sindingaiwale kuti yokha sikanayenda ngakhale tsiku limodzi.

Beyer, Peacock inatseka mu 1966, maiko ambiri atasamukira ku dizilo. Zimbabwe inachita zosiyana. Mafuta anali odula ndi osowa, malasha ali pakhomo ku Hwange, choncho chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ma Garratt ambiri anaphwasulidwa n'kumangidwanso mu Bulawayo, ena n'kupatsidwa maina a Chindebele, ambiri a nyama ndi mbalame. Nthawi imeneyo ndi yomwe amalume anaphunzira ntchito, ndipo akamaifotokoza manja sakhala pansi.

Abale amene muli ku Britain mungathe kukwera sitima yokokedwa ndi Garratt lero lomwe. Njanji ya Welsh Highland ku Wales, yochoka ku Caernarfon kupita ku Porthmadog, imayendetsa za gulu la NGG16 zomwe zinagwira ntchito ku South Africa. Ndi zazing'ono poyerekeza ndi za ku Bulawayo, zopangidwira njanji yopapatiza ya mamilimita 610, koma kapangidwe kake ndi komweko.