Stryfe yanga yayamba kuwombera, koma yandidyera Loweruka lathunthu

Ndikulemba izi chala chamanthu chidakali ndi thuza la soldering iron, koma mtima uli m'malo. Stryfe yanga, mfuti yoseweretsa ya Nerf ija, tsopano ikulavula timivi ta siponji mowongoka, ndipo chronograph, kachipangizo koyezera liwiro la kamuvi, ikuonetsa pafupifupi 130 fps, ndiye kuti mafiti 130 pa sekondi. Itangotuluka m'bokosi inkachita ma 70, ngati zinzake za gulu la Elite.

Posintha za m'kati mwake kuti liwiro likwere, ine ndinayamba ndi kugula mamota, amene amazunguza mawilo awiri oponya kamuvi. Musatero. Yambani mwafunsa liwiro limene amalola kumene mumasewera, chifukwa magulu ena amaimira pa 130, ena pa 150, ndipo mfuti yopitirira malire amakuuzani kuti muibweze m'chikwama. Mukatero sankhani batire. Batire yotchajidwa ya LiPo ya 2S (maselo awiri) ndi 7.4V, ya 3S (maselo atatu) ndi 11.1V, ndipo mota iliyonse anaipangira imodzi mwa ziwirizi. Mota ya 3S pa batire ya 2S imangolira mwaulesi, ya 2S pa batire ya 3S imatentha n'kufa msanga. Batire kaye, mamota pambuyo.

Za mamotawo ndisakubisireni, zinandipsetsa mtima. Wogulitsa wina pa intaneti anaika chithunzi cha mota ya saizi 130, imene imalowa mu Stryfe osadula kalikonse. Phukusi litafika ndinapezamo ma 180, ataliatali, ofuna kuboola chigoba cha mfuti n'kumatapo chivundikiro china. Nditamulembera anati ndikanawerenga timawu ta pansi penipeni. Ndinawerengadi, ndipo tinalipo, titabisala pansi pa zithunzi zisanu ndi chimodzi za mota ina. Kubweza katunduyo ndinalipira ndekha, n'kudikiranso masabata atatu. Ndalama yotumizira ija imandiwawabe kuposa thuzali.

Kumasula mfuti sindikuphunzitsani, aliyense amatha kugwira sikuludiraiva. Koma jambulani chithunzi mukangoitsegula, musanakhudze kanthu. Muli timasipuling'i ting'onoting'ono ta thiriga ndi ta chomasulira magazini, kamodzi kakadumpha mudzakwawa pansi pa tebulo mpaka mawondo kufiira. Zomangira zakenso si zofanana kutalika. Ine ndinazibaya pa katoni, chilichonse pamalo pofanana ndi pamene chinachokera.

Mawaya oyambirira onse achoke. Ndi opyapyala chifukwa anawapangira mabatire anayi a AA, ndipo pa ntchito imeneyo alibe vuto, koma mphamvu ya LiPo sangaipirire. Ndinaika waya wonenepa wa 16 AWG, ena amakhutira ndi 18, wopyapyalako pang'ono. Swichi yoyatsira mamota nayo ichoke, ikani microswitch, kaswichi kopirira mphamvu yambiri, ya 21A, apo ayi yakaleyo imasungunuka n'kukakamira, mamota osazimanso. Thermistor, kachipangizo kochepetsa magetsi kakatentha, ndi timaloko ta magetsi ta pachitseko ndi pa magazini zimachokera limodzi ndi mawayawo. Pulagi ya batire ndinasankha XT60.

Tsopano Loweruka lija. Ndinayamba m'mawa, pofika masana ndinali nditawotcherera zonse, ndakanikizira ma flywheel, mawilo oponya kamuvi aja, pa mamota, ndatseka mfuti, zomangira zonse m'malo mwake. Kudina swichi, phokoso lokoma kwabasi. Kukoka thiriga, kamuvi kanangolowa theka n'kutuluka mutu utathothoka. Kachiwiri chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti ndi magazini, ndinasintha. Ndinati kaya ndi timivi takale, ndinatsegula paketi yatsopano, nato tinatafunidwa. Ndinamasula mfuti katatu konse, ndikukayikira cage, chimango chogwira mamota, imene ndinagula, ya 41.5 mm. Nambala imeneyi ndi mtunda wa pakati pa mitsitsi ya mamota awiriwo: ikachepa, mawilo amafinya kamuvi kwambiri, liwiro limakwera, koma timivi timatha msanga ndipo mamota ofooka amatsamwa. Ndiye ndinkati ndafinyitsa. Ndinatsala pang'ono kuitanitsa cage ina usiku womwewo.

Cha m'ma 9 koloko ndi pamene ndinagunditsa kapepala pa wilo lililonse mamota akuzungulira. La m'mwamba linkakankhira kutsogolo, la m'munsi linkabweza kumbuyo. Ndinali nditalumikiza mamota onse mofanana, wofiira kwa wofiira, poti ndi mmene zimaonekera zaudongo. Chonsecho mawilo awiriwo amayenera kuzungulira mosemphana kuti onse akankhire kamuvi kunja, ndiye mota imodzi mawaya ake amatembenuzidwa. Kukonza kwake kunali mphindi zisanu. Tsiku lonse, timivi khumi ndi kanayi, chifukwa cha mawaya awiri! Thuza lija ndinalipeza pamenepo, ndikugwira ntchito ndi mkwiyo.

Choncho yesani kazunguliridwe ka mawilo musanatseke mfuti. Kapepala basi.

Ndaiwala za malo a batire. 3S yanga sinakwane m'chipinda cha ma AA, ndinachita kudula timakoma ta mkati ndi kugula chitseko chotukuka. Yezani chipindacho ndi rula musanagule batire, zithunzi za ogulitsa zimanama, ndakuuzani kale. Ndipo LiPo si batire ya tochi. Imafuna chaja yake yolinganiza maselo, selo iliyonse imadzadza pa 4.2V, ndipo siyenera kutsika kufika pa 3V. Ndinaika kaalamu kolira ikafika pa 3.5V. Ikatupa kapena kubooka musaiyesenso, imayaka moto weniweni. Wina akakuuzani kuti mungoponya mabatire a lithium a 14500 m'malo mwa ma AA chifukwa ndi ofanana saizi, mumuthokoze n'kupitiriza ulendo.

Amene muli ndi mfuti ya sipuling'i, monga Retaliator kapena Longshot, mwapulumuka ku mawaya koma muli ndi zanu. Sipuling'i yamphamvu imathyola pulasitiki yoyambirira ngati simunasinthe chokowera chake. Mukachotsa air restrictor, kavalavu kochepetsa mpweya, musamawombere mulibe kamuvi, plunger yokankha mpweya imamenya pouma n'kusweka. Pa O-ring, kamphete ka labala ka pa plunger, pakani girizi wa silicone, osati Vaseline kapena wina wochokera ku mafuta a petulo, amawononga labala. Izi ndinaphunzirira pa Retaliator chaka chatha, koma ndi nkhani ya tsiku lina.

Timivi tatifupi, ta theka la 72 mm ya masiku onse, timawongoka bwino kuposa tatitali, koma timafuna magazini ake monga Talon ndi chosinthira polowera magazini. Ine ndazisiya kaye, thumba laphwa. Nsonga ya olenji ya mfutiyi sindinaipente ndipo sindidzaipenta, munthu woona patali adziwe kuti n'choseweretsa. Magalasi otchinga maso ndimavala ngakhale poyesera m'nyumba, chifukwa kamuvi koyamba kutuluka bwino usiku uja kanagunda khoma n'kundibwerera pachipumi.

Mawa ndikutsegulanso, swichi ikugwedera pang'ono, guluu sanagwire. Ndisanatseke ndiyesanso ndi kapepala.