Tchuthi cha mbalame, kuchokera ku Mulunguzi mpaka ku Chilwa

Tchuthi cha Khirisimasi chino ndachithera pa mbalame. Sindinapite kutali ayi: phiri lathu lomweli, munda wa Botanic, ndi doko la Kachulu ku nyanja ya Chilwa. Msuweni wanga anandibwereka kamera yokhala ndi lenzi ya 300mm komanso zoonera patali zolembedwa 8x42, ndiye kuti zimakulitsa chinthu ka 8 ndipo magalasi ake akutsogolo ndi otambalala mamilimita 42. M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo ine, munthu wobadwira ku Zomba konkuno, ndinkatha kutchula zija za pakhomo basi: khwangwala, njiwa, pumbwa, mpheta, namzeze, kadzidzi. Ndinafuna kuphunzira zina, koma mosadzipanikiza, poti linali tchuthi.

Amene anandiika panjira ndi bambo wina wachikulire amene amaperekeza alendo paphiri. Tinanyamuka mbandakucha kumtunda kwa Ku Chawe, kutsata mtsinje wa Mulunguzi cholowera ku Williams Falls. Titafika pa mkuyu wina umene unali ndi zipatso, anaima nandiuza kuti, "Achimwene, mbalame sasaka ndi miyendo. Pezani mtengo umene ukubereka, mukhale pansi, zibwera zokha." Tinakhala pa mwala. Poyamba kunali zii, chifukwa nkhalango imayamba yakhala chete munthu akangofika. Patapita mphindi ngati 15 apumbwa anabwerera, kenaka tinamva mawu osasa, kho-kho-kho, akuyankhana kuchokera mbali ziwiri za khwawa. "Nkulukulu imeneyo," anatero bambowo monong'ona.

Mbalame imeneyi m'mabuku amailemba kuti Livingstone's Turaco. Ikakhala phee m'masamba simungaione, pakuti ndi yobiriwira ngati masamba omwewo. Ndinaidziwira tsumba lake lalitali losongoka, loyera kunsonga, ndi kanyama kofiira kozungulira diso. Siikonda kuuluka mtunda wautali. Imathamanga panthambi, kudumphira ina, kuthyola nkhuyu ndi kumeza yonse. Koma itangotambasula mapiko kuoloka mtsinje, kufiira kwake kunandidzidzimutsa, psuu. Madzulo ndinakawerenga ndi kupeza kuti kufiirako kumachokera ku utoto wotchedwa turacin, umene uli ndi mkuwa mkati mwake, ndipo umapezeka mu nthenga za banja la mbalame zimenezi zokha. Mkuwawo imaupeza mu zipatso zimene imadya. Ndiye kuti ngakhale mtundu wa phiko lake ukuchokera mu mitengo ya m'khwawa lomwelo.

Apa ndi pamene phunziro langa lenileni linagona. Nditayamba kumvetsera, ndinaona kuti phiri la Zomba silimveka chimodzimodzi ponseponse. M'minda ya paini mungayende ulendo wabwino ndithu osamva kanthu kupatula mphepo, mwina nthengu imodzi pamphepete. Mukangolowa m'kachigawo ka mitengo yachilengedwe, m'mphepete mwa mtsinje kapena m'zigwa zimene moto sunafike, phokoso limakulandirani. Chifukwa chake n'chosavuta. Paini sabereka chipatso choti mbalame zathu zidye, pansi pake pamangodzala singano zake zouma, ndipo tizilombo timene mbalame zing'onozing'ono zimadya timakhalamo tochepa. Mkuyu, katope ndi mwimbi ndi imene imadyetsa.

M'tizigawo timeneti ndi mmene mumakhala kambalame kotchedwa Yellow-throated Apalis. Ndi kakang'ono, kobiriwirako kumsana, kachikasu pakhosi ndi pamimba, ndi kamzere kakuda kopingasa pachifuwa. Padziko lonse kamapezeka ku Malawi kokha, pa mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa, ndipo kali pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo zimene zili pangozi yotha. Alendo amakwera ndege kuchokera ku Ulaya kudzakaona, pamene ife timakapitirira tili pa ulendo wokajambulitsa ku Emperor's View. Ndinakaona kakufufuza kunsi kwa masamba, kosakhazikika, kakuyankhizana ndi kanzake. Pamwamba penipeni pa mitengo ikuluikulu pamakhalanso White-winged Apalis, imene ndinangoiona mwa apo ndi apo, khosi litawawa ndi kuyang'ana kumwamba. Tsopano ndikaona utsi wa moto wolusa paphiri, kapena mitengo ya m'khwawa itagwetsedwa, mtima umandipweteka mosiyana ndi kale. Mbalame ya paliponse ngati khwangwala imasamuka. Aka kalibe kwina kopita. Ndipo makwawa omwewo ndi amene amathira madzi m'damu la Mulunguzi, limene mzinda wonse umamwa.

Za kamera ndinaphunzira mwa kujambula ndi kuyerekeza zithunzi madzulo. M'nkhalango m'mawa wa Disembala mumakhala mdima kuposa mmene diso limaonera. Kambalame kosakhazikika kamafuna shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) yothamanga, 1/1000 ya sekondi kapena kuposa, koma kuwala kukachepa zimenezo zimatheka pokhapokha mutakweza ISO (mphamvu ya kamera yokoka kuwala) kufika 1600 kapena 3200 ndi kutsekula lenzi mpaka pamapeto. Chithunzi chimatuluka ndi timadontho, komabe ine ndasankha timadontho kusiyana ndi mbalame yosaoneka bwino. China n'chakuti mbalame ikatera pa nthambi youma kumbuyo kwake kuli thambo loyera, kamera imanyengeka ndi kuwalako ndipo mbalame imatuluka bii. Pamenepo muwonjezere kuwala ndi +1 kapena +2, kapena mungosuntha mapazi angapo kuti kumbuyo kwake kukhale masamba. Dzuwa likhale kumsana kwanu. Lunjikani pa diso. Diso likaoneka bwino, zina zonse munthu amakhululuka. Amene alibe kamera asataye mtima: kugunditsa kamera ya foni pa galasi la zoonera patali kumatulutsa chithunzi chokwanira kuzindikira mbalame, makamaka imene yakhala phee.

Koma ndinene poyera kuti masiku amene ndinaphunzira kwambiri ndi amene kamera inakhala m'chikwama chifukwa cha mvula. Pamenepo ndinkalemba m'kope: kukula kwake poyerekeza ndi pumbwa kapena njiwa, maonekedwe a mlomo, utali wa mchira, malo amene inali, pansi kapena pamwamba, ndi chimene inkachita. Kulira kwake ndinkajambula pa foni n'kumamvetsera usiku. Mbalame imene ndinailemba chonchi ndimaikumbuka kuposa imene ndinangoijambula, chifukwa polemba umakakamizika kuyang'anitsitsa. Pali chizolowezi china chimene sindigwirizana nacho, choliza mawu a mbalame pa sipika kuti ituluke. Imatulukadi, koma imabwera itakwiya poyesa kuti mdani walowa m'dera lake, n'kusiya chisa kapena chakudya. Kwa kambalame kotsala pang'ono ngati apalis, chithunzi changa sichingalipire zimenezo.

Munda wa Botanic ndi wabwino kwa woyamba, ndipo sufuna kukwera phiri. Anauyambitsa Alexander Whyte mu 1891, munthu yemweyo amene dzina lake lili pa mbalame ya Whyte's Barbet. Mitengo yake ndi yakale, mtsinje umadutsa momwemo, ndipo mbalame za mmenemo zinazolowera anthu. Mutha kupita ndi buku, kukhala pa kapinga, n'kumakweza maso nthawi ndi nthawi.

Ku Chilwa ndi dziko lina. Kulibe mdima wa m'nkhalango, koma dzuwa likakwera nthunzi ya pamadzi imasokoneza chithunzi chilichonse cha patali, choncho ntchito yonse ithe isanakwane 9 koloko. Ndinakwera bwato pa Kachulu, ndipo m'bale amene ankapalasa anatilowetsa pang'onopang'ono m'mphepete mwa njedza. Tinapeza akakowa, abakha a nkhope yoyera amene amalira ngati likhweru, nantchengwa akupalasa matope ndi phazi, ndi nkhwazi patali. Imene inandigwira mtima ndi African Jacana, ya zala zazitali zimene zimaithandiza kuyenda pamwamba pa masamba oyandama osamira. Pa mbalame imeneyi yaimuna ndi imene imafungatira mazira, ndipo pakagwa zoopsa imanyamula anapiye m'mapiko, miyendo yawo ikulendewera kunsi. Nyengo ino kumakhalanso alendo: timbalame ta m'matope ngati Wood Sandpiper timaswera kumpoto kwa Ulaya ndi Asia, n'kuthawira kuno kukazizira kwawo, monganso namzeze wa mchira wautali amene amadzaza pa mawaya a magetsi nthawi ya dzinja.

Nyanjayi ilibe mtsinje wotuluka, ndi yosaya, ndipo imaphwa mvula ikavuta zaka zotsatizana, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Ndi malo oyamba m'Malawi kulowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbalame zake za m'madzi. Wopalasa uja anandiuza mosabisa kuti matemba akasowa anthu amatembenukira ku mbalame, ndi misampha ndi ulimbo, pakuti ndiwo ndi ndalama ziyenera kupezeka. Sindinamuweruze. Ndinangozindikira kuti munthu ameneyu amadziwa kumene mbalame iliyonse imagona, mwezi umene imaswa ndi chimene imadya, moti akanakhala ndi zoonera patali ndi alendo omulipira, akanakhala mphunzitsi woposa buku langa. "Mukadzabweranso madzi atachuluka, achimwene, ndidzakulowetsani mkati mwenimweni," anatero tikutsika.

Zonse zimene ndinazindikira motsimikiza ndazilemba pa eBird, nkhokwe ya pa intaneti ya Cornell Lab of Ornithology, kumene mndandanda wa munthu wamba umathandiza ofufuza kudziwa mbalame ili kuti ndipo liti. Sukulu ikatsekulidwa mu Januwale ndikufuna kudzutsa kalabu ya zachilengedwe, ya mtundu uja bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM limalimbikitsa m'masukulu. Ndili ndi anyamata m'kalasi amene legeni siichoka m'thumba, ndipo amadziwa chisa chilichonse kuseri kwa sukulu. Amenewo ndi amene ndidzayambe kuwapatsa zoonera patali ndi kope, ndipo ulendo woyamba udzakhala wa ku Botanic, Loweruka m'mawa.