Ng'ombe za ku Törbel ndi lamulo la 1517

Sabata ino aphunzitsi anatipatsa ntchito yowerenga za Törbel, kamudzi ka ku Switzerland. Ndinayamba monyinyirika. Kamudzi ka anthu pafupifupi 500, kokakamira m'mbali mwa phiri pamwamba pa chigwa cha Visp m'chigawo cha Valais, kandiphunzitsa chiyani ine?

Chinandikoka ndi mapepala awo akale, ena a mu 1224. Mu 1483 eni mudzi analemba pangano loti msipu wa pamwamba pa phiri ndi nkhalango zikhale za onse, ndipo mlendo akagula munda asaganize kuti wagula ndi msipu womwe. Kenako mu 1517 anaika lamulo lakuti munthu asakweze ku msipu ng'ombe zoposa zimene angathe kuzidyetsa m'nyengo yachisanu.

Lamuloli ndinaliwerenga katatu osalimva, mpaka ndinachita kujambula m'kope, khola pansi, msipu pamwamba. Kumeneko chipale chofewa chikagwa, ng'ombe zimabindikira m'khola miyezi yambiri, kudya udzu wouma umene mwini wake anamweta pa malo ake kukadali kotentha. Ndiye udzu umene wasunga ndi umene ukunena kuchuluka kwa ng'ombe zako. Sungabise, anansi amauona. Wozembetsa ng'ombe ankalipira chindapusa, ndipo tchizi chopangidwa ku phiriko chinkagawidwa potsata ng'ombe zimene banja linakweza. Ine ndinkakhulupirira kuti chinthu cha aliyense chimatha msanga, monga momwe dambo limaperepesekera aliyense akamangothamangitsirako ziweto. Elinor Ostrom, katswiri wa za ndale ndi chuma amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anagwiritsa ntchito mudzi womwewu potsutsa maganizo amenewo, ndipo ine wandigonjetsa.

Za chiwerengero cha anthu zinandivutako mumtima. Robert Netting, katswiri wa chikhalidwe cha anthu amene anakakhala kumeneko m'zaka za m'ma 1970, anafufuza mabuku a tchalitchi a ubatizo, maukwati ndi maliro. Anapeza kuti anthu ankakwatira mochedwa, ena osakwatira konse, ena n'kumachoka. Munda unkagawidwa kwa ana onse, aamuna ndi aakazi, choncho kukhala ndi ana ambiri kunkatanthauza tizigawo tating'ono. Mbatata ya kachewere itafika, anthu anayamba kuchuluka. Msipu unatetezeka, inde, koma ena analipira ndi moyo wa umbeta, ndipo zimenezi ambiri m'kalasi mwathu anangozidumpha.

Lero ambiri amatsika phiri kukagwira ntchito ku Visp, tauni imene ili ndi fakitale ya mankhwala ya Lonza, ulimi n'kumauchita akaweruka. M'nkhani yanga yokapereka Lachisanu ndayambira pamenepa, pa munthu wolandira malipiro a pa mwezi amene akumwetabe udzu Loweruka.