Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kope lofiira ndi ulendo wa ku Likoma

Ndabweranso abale anga. Pepani kuti ndakhala chete milungu itatu. Ntchito yochonga mayeso inandipanikiza, komanso gawo limeneli ndakhala ndikulizengereza chifukwa ndi lolemera kwa ine. Ambiri mwakhala mukufunsa za chithunzi chija ndinaika mwezi watha, chomwe ndaima pamchenga nsapato zili m'manja, chitenje chitanyowa mpaka m'mawondo. Mayi a ku Johannesburg amene munalemba kuti pamenepo ndi kwanu ku Mbamba, munalondola, ndipo ndemanga yanu ndinaiwerenga katatu. Inunso achimwene amene munati gawo lapita lija linakukumbutsani malemu mayi anu, Mulungu akutonthozeni. Lero ndikuuzani mmene ndinafikira pamchengapo.

Mukukumbuka kuti bambo a ana anga anabadwira ku Likoma ndipo anachokako ali ndi zaka 7, pamene mayi awo anasamukira ku Zomba. Sanapondekonso. Pa zaka 19 za banja lathu, Likoma sinkasowa pakamwa pawo. Ndikaphika usipa wogula mumsika ankati, "Mayi, uwu si usipa, ili ndi fumbi la usipa. Tikadzapita kwathu mudzadya wovuulidwa usiku womwewo." Ankandiuza za milambe yoti anthu asanu sangaikumbatire, za kondowole wa agogo awo, za malipenga, za tchalitchi chachikulu chomwe ali mwana ankaopa kulowamo okha.

Anali ndi kope lachikuto chofiira. M'menemo ndi mmene munali ulendo wathu. Analemba zonse: minibasi ya ku Liwonde, ya ku Mangochi, ya ku Monkey Bay, malo ogona usiku umodzi, matikiti a sitima, kamba wapanjira, shuga ndi sopo zokapereka kwa achibale. Chaka chilichonse ankafufuta mitengo n'kulemba ina. Mu Meyi 2012, kwacha itachepetsedwa mphamvu, anakhala patebulo mpaka pakati pausiku n'kuyamba tsamba latsopano, osadandaula ngakhale pang'ono.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene sindinanenepo kwa munthu, ngakhale kwa achemwali anga. Amene ankati "chaka chamawa" ndinali ine. Ndalama ikangotsala pang'ono kukwana, ine ndinkabwera ndi fizi ya wachisamba, kapena feteleza, kapena denga lodontha kuchipinda cha ana. Zonsezo zinali zoona, sindinkanama. Iwo ankangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Chabwino mayi, nyanja sithawa." Kenako ankatseka kope lija n'kulibwezera musutikesi.

Usiku wawo womaliza m'chipatala, mu 2013, ndinali nditayala chitenje pansi pafupi ndi bedi lawo monga amachitira odikirira odwala onse. Tsiku lonse sanayankhule. Phala lomwe ndinawaphikira linazizira m'kapu momwemo. Cha m'ma 2 koloko ndinamva akundikhudza paphewa ndi chala chimodzi. Ndinadzuka n'kugwada kuti khutu langa lifike pakamwa pawo, chifukwa mawu anali atatha. Ndinkaganiza kuti afuna madzi kapena kutembenuzidwa. Iwo anati, "Mayi, kope lija lili pansi pa Baibulo. Mukawaonetse ana kwathu." Ndinawayankha kuti asayankhule choncho, kuti tipita tonse akangotuluka, kuti chaka chino sindinenanso za denga. Anandiyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, ndipo zimenezo ndi zimene zimandipweteka mpaka lero, chifukwa akanandikalipira mwina ndikanapepukidwa. Anangogwira chala changa chamkombaphala n'kutseka maso. Ndinakhala chogwada choncho mpaka mawondo anachita dzanzi, ndikuwerenga mpweya wawo, ndikuopa kusuntha kuti angasiye chala chija. Tambala woyamba atalira kunja kwa mpanda wa chipatala, dzanja lawo linali litayamba kuzizira.

Za katundu amene anatuluka m'nyumba maliro asanazizire ndinalemba kale m'gawo 7, sindibwerezanso. Sutikesi anaitenga, koma kope analitaya pakhonde poona kuti n'losathandiza.

Panapita zaka zitatu ndisanalitsegule.

Mu Disembala 2015 tinagawana ndalama za banki m'khonde, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatsala ndi kangachepe nditalipira zonse. Ndinakamangirira pansalu n'kukabisa, ndipo mwezi uliwonse ndinkawonjezerapo za mandasi omwe mzime wanga ankagulitsa pageti. Ndinafunsa aliyense amene ndinamva kuti anakwerapo Ilala. Mphunzitsi mnzanga wa ku Nkhata Bay ndiye anandiuza kuti sitimayo imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu lokha, ndiye munthu uyenera kugona komweko Lachinayi, ndipo anandichenjeza kuti Ogasiti ndi nthawi ya mwera. Ndinalibe mwezi wina, tchuthi chachitali chinali chomwecho. Wachisamba anali kukoleji, wachiwiri anali kumudzi kwa agogo ake, choncho ndinatenga mzime, amene panthawiyo anali ndi zaka 12.

Alamu anga, ndikudziwa kuti mumawerenga zimene ndimalemba pano, chifukwa mawu anga amandibwerera kudzera kwa anthu. Munauza anthu pamaliro a kumudzi kuja kuti mkazi wamasiye weniweni sakwera sitima kukapitidwa mphepo, ndipo kuti ndikudya ndalama za mchimwene wanu. Lero ndikuyankheni poyera. Ndalama ya ulendowo inali ya mandasi ndi ya banki m'khonde, ndipo amayi a m'gulu lathu alipo, afunseni. Za mchimwene wanu mukudziwa kumene zinapita. Mawu anuwo ndinalira nawo sabata yathunthu ndipo ndinatsala pang'ono kuuleka ulendowo. Sindikusungirani chakukhosi, koma sindilola kuti ana anga akule akumva kuti mayi awo anachita chinthu chochititsa manyazi.

Tinanyamuka Lachinayi m'mamawa. Pa Liwonde mwana anakakamira pawindo kufuna kuona mvuu mu Shire, pa Mangochi tinadya chipisi titakhala pazikwama, ndipo dzuwa likupendeka tinafika ku Monkey Bay, kumene akuluakulu amati ku Lusumbwe. Ine, mayi wa zaka zoposa 40, wobadwira ndi kukulira m'Malawi momwemuno, ndinali ndisanaionepo nyanja yathu ndi maso. Ndinaiphunzitsa m'kalasi zaka zambiri, ndikujambula mapu pabolodi ndi choko. Nditaiona ndinangoti kakasi, mwana mpaka anandikoka dzanja.

M'mawa mwake Ilala inali chiimire padoko, yoyera, yaitali kuposa mmene ndinkaganizira. Tinagula matikiti a kalasi yapansi monga mmene kope linanenera. Kumeneko ndiye kuli Malawi yense. Matumba a chimanga, malata, njinga, nkhuku zomangidwa miyendo, mabeseni, amayi oyamwitsa, ana asukulu obwerera kwawo. Mayi wina wa ku Chizumulu anasuntha mtolo wake n'kutipatsa malo, ndipo pofika masana tinali tikudyera limodzi mbatata yanga ndi nsomba zake zowamba. Anandifotokozera kuti kuzilumbako nthaka ndi yamiyala ndi mchenga, chimanga sichikwana, n'chifukwa chake sitima ikamapita imadzaza matumba ndipo ikamabwerera imadzaza nsomba zouma.

Pafupi nafe panali agogo ena aamuna amene anati akhala akukwera sitimayi kuyambira ali mnyamata. Mzime wanga anawapanikiza ndi mafunso ndipo iwo anakondwa. Anamuuza kuti Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, anailumikiza ku Monkey Bay komweko, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Dzina lake ndi la dera la Ilala ku Zambia, kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Ndinawerengera mumtima n'kupeza kuti sitimayi ndi yamsinkhu umodzi ndi mayi anga.

Mwera unayamba madzulo. Sitima inkakwera n'kutsika, mabeseni akugubuduka, ana akulira. Agogo aja anatchula za Vipya, sitima yomwe inamira kumpoto mu 1946 ndi anthu 145, ndipo mayi wa ku Chizumulu anawadzudzula kuti nkhani zotere sanena pamadzi. Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinamukumbatira mwana ndikudzifunsa ngati alamu anga sankanena zoona. Koma usiku utakula mphepo inatsika, ndipo tinatuluka kukaima m'mbali. Kutali kunali nyali zambirimbiri zitandandalika pamadzi. Mwana anafunsa kuti, "Amayi, tauni imeneyo ndi iti?" Munthu wina mumdimamo anaseka n'kumuuza kuti amenewo ndi asodzi a usipa, nyalizo n'zoitanira nsomba.

Mwana atagona ndinatulutsa kope n'kuliwerenga ndi tochi ya foni. Patsamba lomaliza, pansi pa mitengo ya 2012, panali mzere umene ndinali ndisanauone. Analemba kuti, "Tiyi wa pasitima, makapu awiri." Anaika ndi mtengo wake. Munthu uja anaganizira mpaka kapu yanga ya tiyi, zaka zonse zija ndikumuuza za denga. Ndinadziphimba kumutu ndi chitenje kuti ndisadzutse anthu. Mayi wa ku Chizumulu sanandifunse kanthu, anangoika dzanja lake pamsana panga n'kulisiya pomwepo mpaka ndinatonthola. Dzina lake sindinalifunse, ndipo ndimadandaula.

Pa Nkhotakota sitima inaponya nangula patali ndi gombe, maboti ake n'kumatuta anthu ndi katundu. Loweruka tinaona mapiri a ku Mozambique akuyandikira, kenako chilumba, milambe ili ngundangunda monga ankanenera. Likoma ndi Chizumulu ndi zathu za Malawi koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo tsidya linalo, ku Cobue, kumaoneka pafupi kwambiri. Nthawi imeneyo kutsika kunali kwa boti. Unkatsika pamakwerero, anyamata n'kukulandira, ndipo boti likafika posaya unkavula nsapato n'kulowa m'madzi. Chithunzi chija anajambula ndi mzime wanga, mapazi anga atangoponda mchenga wa kwawo kwa bambo ake.

Kuchikuto chakumbuyo kwa kope kunali dzina la mudzi ndi la mayi awo aang'ono. Sindinkadziwa ngati ali moyo. Tinafunsa pamsika, ndipo mnyamata wina anasiya zomwe ankachita n'kutiperekeza mtunda wonse. Tinawapeza atakhala pamphasa akusenda chinangwa chovuula. Ndinagwada poteropo n'kupereka moni. Iwo sanandiyang'ane ine, maso awo anali pa mwana. Anaika mpeni pansi n'kunena kuti, "Iwe, tabwera kuno." Anamugwira nkhope ndi manja onse awiri, n'kutchula dzina limene ine ndinali ndisanalimvepo, dzina laubwana la bambo a ana anga. Zaka 19 ndinakhala nawo osalidziwa.

Uthenga wa maliro unawafika patapita miyezi, kudzera mwa munthu wodutsa, ndipo panalibe amene anabwera kudzawafotokozera. Choncho tinalira maliro kachiwiri pamphasa pomwepo. Amayi oyandikana nawo anabwera mmodzimmodzi n'kukhala nafe. Ndinafotokoza matenda onse kuyambira pachiyambi, monga mwa mwambo, mpaka chala chija. Nditamaliza anati, "Mwana wanga, wabweretsa mwana wathu kwawo. Usadzatchedwenso mlendo pakhomo pano."

Lamulungu anatitengera ku St Peter's, ku Chipyela. Ine ndine wa CCAP, koma ndinalowa ndi mtima wonse. Tchalitchichi anayamba kuchimanga amishoni a Anglican mu 1903, pamalo pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, n'chifukwa chake dzina lakuti Chipyela. Munthu sungamvetse kuti nyumba yaikulu chotere inamangidwa bwanji pachilumba chaching'ono chonchi, kopanda msewu wochokera kumtunda. Kuwala kunkalowa m'mawindo amagalasi amitundumitundu, ndipo kwaya itayamba ndinamvetsa chifukwa chake kamnyamata ka zaka 7 kankaopa kulowamo kokha. Mayi aang'ono analoza mzime wanga malo amene bambo ake ankakhala ndi agogo awo, ndipo iye anakakhala pomwepo mpaka mapemphero kutha.

Masiku otsalawo tinayenda wapansi chilumba chonse. Mwana anaphunzira kupalasa bwato, ine ndinaphunzira kuphika kondowole osapsa manja, ndipo tsiku lililonse ndinkasamba m'nyanja pamodzi ndi amayi anzanga dzuwa likamalowa. Ndinaseka mokweza kwa nthawi yoyamba chichokereni bambo a ana, mpaka ndinadzidzimuka ndi mawu anga omwe. M'mawa wa tsiku lomaliza msuweni wawo anabwera ndi beseni la usipa wovuulidwa usiku womwewo, uli ngwee ngati ndalama zasiliva. Tinauphika ndi mchere ndi tomato basi. Ankanena zoona, abale anga. Umene timagula ku Zomba ndi fumbi.

Sitima itabwerera kuchokera ku doko la Chilumba, kumpoto, tinakwera titanyamula thumba la usipa wouma ndi ufa wa kondowole. Tili m'njira ndinatuma mwana kukagula tiyi, makapu awiri. Anabwera nawo mosamala, n'kupempha kope ndi cholembera, ndipo pambali pa mtengo wa bambo ake analemba mtengo umene tinalipira ife. Tsamba lotsatira analemba yekha pamwamba kuti "Mulanje", ndipo za ulendo umenewo, ndi mmene achemwali anga anakanira kutiperekeza kenako n'kutipeza pa Limbe atanyamula kale chikwama, ndidzakuuzani m'gawo 10.