Mawu osasa si mphumu, tiyeni tiziyang'ana kholingo

Sabata ino kuno ku Thyolo inali ya masiku onse: malungo, chibayo, ma sizala. Koma Lachitatu usiku anabwera naye mwana wa zaka zinayi akubanika, pakhosi pakuloweka akamakoka mpweya. M'buku lake lachipatala munali mawu amodzi okhaokha tsamba ndi tsamba: asthma (mphumu), salbutamol (mankhwala a mphumu). Agogo ake anati mawu anayamba kusasa kale, asanayambe n'kulankhula bwino. Palibe amene anafunsapo za mawuwo.

Anzanga, mphumu imalira mwana akamatulutsa mpweya. Phokoso lomveka pokoka mpweya, pamodzi ndi mawu osasa kupitirira masabata atatu, vuto lili pakholingo. Mwa mwana, ganizirani papilloma, tinjerewere tomera pa timinofu ta mawu chifukwa cha kachilombo ka HPV, mtundu 6 kapena 11, kamene nthawi zambiri amakatenga pobadwa. Si khansa, koma timatseka njira ya mpweya.

Mwana wotere musamugoneke chagada kapena kumupatsa diazepam, mankhwala ogonetsa, kuti akhale chete. Akhale pamiyendo pa gadiyani, okisijeni pafupi ndi nkhope. Mankhwala a adrenaline wa mu nebulizer (makina opumitsira mankhwala ngati nthunzi) ndi dexamethasone zimangochepetsa kutupa kwakanthawi, njerewere zili pomwepo. Chubu cholowetsa pakholingo kuti apume, mwa masamu a zaka zake, ndi saizi 5, koma njira itapanikizika chonchi mumafuna 4 kapena 3.5. Usiku umenewo m'fiyeta munalibe machubu ang'onoang'onowa. Zofunsira zinalembedwa kalekale, kusitolo akuti zikubwera. Ambulansi nayo inali yopanda mafuta, moti a anasifetiki (ogoneka odwala pa opaleshoni) anachezera pambali pa bedi mpeni wa tracheostomy (woboolera pakhosi kuti apume) uli pa tireyi.

Kuboola pakhosi timakupewa kwambiri pa matenda awa, chifukwa njerewere zimatha kutsikira mu trachea, njira ya mpweya yopita ku mapapo, ndiye kuchiza kumavutirapo. Chofunika ndi a ENT (madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi) ku Queens, ku Blantyre: amamugoneka, kuyang'ana ndi laryngoscope (chida choonera kholingo), n'kuchotsa njerewerezo pang'onopang'ono osavulaza mbali zonse ziwiri kutsogolo kumene timinofu timakumana, kuopa chipsera chomata mawu. Kachidutswa kamapita ku labu. Mwana uja ananyamuka Lachinayi m'mawa mafuta atapezeka.

Agogo aja tinawauza poyera kuti njerewerezi zimameranso, ndipo adzapita kangapo, asadzati opaleshoni inalephera. Ndalama ya basi kuchokera ku esiteti ndiyo inawadetsa nkhawa kuposa mpeni. Lachisanu tinabwerera ku malungo athu, machubu ang'onoang'ono sanafikebe.